Valimba ya Agogo a Priska

Podikira bwato padoko la ku Makhanga, a Fanizo anakhala chozolika pafupi ndi mayi wachilendo wa dengu la mbatata.

"Kwagwanji baba, kuli maliro?"

"Ayi mama. Mwana wanga Priska akuphunzira magule kusukulu ya zachikhalidwe ija. Wauza aphunzitsi kuti agogo ake anali katswiri woimba valimba, choimbira cha timatabwa chija, ndiye akuti mawa ndipite ndi valimba ya agogowo akaione."

"Si ulemu umenewo?"

"Ulemu wanji? Mwanayo ndimam'namiza kuti ikusungidwa ku Makhuwira. Chonsecho ndinaiwaza ndekha ndi nkhwangwa atandisankha ukulu wa mpingo. Ndinaotchera njerwa."

"Kalanga ine! Ya bambo anu okuberekani?"

"Tsitsani mawu, chonde. Ndikangonena kuti inapita ndi madzi osefukira."

"Shire uyu mwam'senzetsa milandu yambiri, mulekeni apume."

"Nanga ndikafika ndi chiyani pamaso pa mwana?"

"Ndi manjawo. Chikhalireni pano zala zanu zikungoimba padengu langa, mwina simukudziwa. Luso la bambo anu muli nalo, kaphunzitseni ana a kusukuluwo. Koma za nkhwangwazo, Priska akamve kwa inu, asakamve kwa oyandikana nawo."