Mano a Bambo Ali M'chikwama

Ana inu, pa siteji ya basi muzikumbatira chikwama, akuba ngambiri. Ndili chikumbatire changa, ndinamva amayi awiri osadziwana akucheza pansi pa chithunzi cha woimba wina wotchuka wa nyimbo zachikondi.

"Akadaimbabe mkuluyu? Ndinkamumvera ndili mtsikana!"

"Aimba Loweruka lino, amayi. Koma bambo akunyumba sapondako. Akangomva mawu akewo amaiwala zoti msana umawavuta, n'kumavinitsa akazi a eni."

"Ndiye muwaletsa bwanji?"

"Mano awo oikirira ndawabisa m'chikwama muno. Angamwetulire ndani ndi usinini wokhawokha?"

"Mwachenjera. Sangafanane ndi madala a suti awo, akugula tikiti ya zoimba za Lowerukazo. Taonani akusekerera aliyense, mano mbee!"

"Mayo ine, ndi iwowo! Abwereka mano a achimwene awo!"