Sutikesi ya mapepala ya mayi aakulu

Zikomo aulutsi. Ndine mayi wa ana awiri, ndimagulitsa mandasi pa siteshoni ku Nkaya.

Mayi anga aakulu anadwalapo khansa ya m'mawere. Atapezako bwino ankayenda m'midzi ya ku Balaka ndi Machinga kulimbikitsa amayi kukapimitsa, n'kumathandizanso ofufuza za matendawa. Atamwalira, pogawana katundu, abale anatenga zitenje ndi mapoto. Ine inandigwera sutikesi ya mapepala okhaokha.

"Iwe ndiye wapata," anaseka amalume. "Ukakulungira mandasi chaka chonse!"

Ndinayambadi kukulungira. Tsiku lina ndikung'amba tsamba, ndinaona dzina langa. Mayiwo analemba akazi onse a mtundu wathu, n'kuchonga amene anadwala mawere. Pa dzina langa anawonjezera kuti: "Uyu ngwamanyazi. Akasiya kuyamwitsa ndidzamuperekeza ndekha kukapimitsa."

Ndinakhala pansi, aulutsi. Ndinali ndi kachotupa m'bere kamene ndinkangoti ndi mkaka wotsalira. M'mawa mwake ndinapita kuchipatala, tsambalo lili mumpango, ndipo madokotala anakachotsa kachotupako kasanafalikire. Mayi aakuluwo anandiperekezadi.

Lero ndili bwino. Masamba otsalawo ndinawasoka ndi ulusi, ndipo abale amabwera kudzaona mayina awo. Amalume akafuna kugwira ndimawauza kuti, "Iyayi, kasambeni kaye m'manja."