Mutu wa lalanje

Kale, fakitale ya zitsulo ikufukabe utsi kuno ku Redcliff, mwamuna wogwira ulusi ankasekedwa mpaka kubawa, ndipo mwamunayo ndinali ine. Usaseke iwe Chipo, mdzukulu wanga, tambasula manja bwino ndizikulunga ulusiwu. Kuluka ndinaphunzira nditapsa mwendo pang'anjo. Ndili gone m'chipatala, nesi wina wachindebele anandipatsa masipoko awiri a njinga n'kunena kuti, "Baba, lukani, musiye kubuula."

Tsono mayi akowa anabadwa miyezi isanakwane, mu Juni, nthawi ya chando, chisanu chija choumitsa madzi m'ndowa. Ana awiri tinali titaika kale m'manda, ndipo m'nyumba munalibe kachovala n'kamodzi komwe, poti kwathu mwana wosabadwa sumukonzera kanthu. Lero mumachita phwando mimba ili apo, zithunzi pafoni, koma ife tinkaopa ngakhale kuitchula.

Kuchipatala anatitulutsa ndi mawu amodzi: mutu usazizidwe. Koma zipewa za m'sitolo ku Kwekwe zinkamumeza nkhope yonse, ndipo ine sindikanatha kumuyeza, chifukwa mwamuna sankaponda m'chikuta, m'chipinda cha mwana wakhanda. Apongozi anga anakhala pakhomo ngati mlonda wa pageti. Ndinati, "Amayi, ndingoona mutu wokha." Iwo anati, "Aikona! Mwambo sitiphwanya chifukwa cha chipewa." Analowa m'kati, anatuluka, ulendo kumsika, n'kubwerako ndi kalalanje. "Mutu wa mwana wanu ndi uwu. Ngati mumalukadi, lukani."

Ndinamasula juzi yanga ya kuntchito, yokhayo imene ndinali nayo, ndinaviika ulusi m'madzi ofunda kuti uwongoke, ndipo ndinakhala pakhonde dzuwa likuswa mtengo, kuluka, kuveka lalanje, kumasula, kuyambiranso. Anzanga ochokera ku shifiti ankaima pamsewu n'kumakuwa, "Shamwari, wakwatiwa liti?" Ndinalibe nawo nthawi. Mantha anali atandigwira, sindikubisa, poti mwanayo ankalira mofooka ngati kamphaka.

Chipewa chinalowa m'chikuta, ndipo apongozi anatuluka nkhope ili gwa, n'kungoti, "Chakwana. Lukani china chosinthira." Kwa mayi amene aja, kumeneko kunali kuyamika kwakukulu. Lalanje ndinaliika pawindo n'kuletsa aliyense kulikhudza. M'mawa ndinkapita kuntchito ndi malaya okha, mano akugundana, koma ndikamva kakulira kaja ndinkayenda ngati bwana.

Anamusunga m'chikuta nthawi yaitali chifukwa cha kuchepa kwake. Tsiku lomutulutsa anandiika mwana m'manja, ndinayesa kumuveka kachipewa koyamba kaja, ndipo kanakana kulowa. Mutu unali utakula! Ndinalira apongozi akuona, kenako ndinasenda lalanje lija, lofota kale, n'kugawana ndi agogo ako aakazi.

Aja ankandiseka aja ndiwo anayamba kugogoda pakhomo: "Achimwene, kunyumba kwabwera mlendo, kachipewa bwanji?" Sindinalipiritse munthu, imeneyo inali mphatso yanga. Fakitale inazima, anthu anabalalika, koma ambiri amene avala zisoti m'migodi ya ku Kwekwe lero anayambira chipewa changa, ndipo ndimanyada nazo kwambiri.

Tsono iwe Chipo, za m'sitolo gula, sindikukuletsa, koma choyamba pamutu pa mwana chizichokera m'manja mwa munthu womudera nkhawa. Tsiku lako lobereka likafika usanditumizire chithunzi pafoni, maso anathawa kale. Unditumizire lalanje, zala zanga zikudziwa chochita.