A NyaMtonga ndi Nyumba Yotsala Denga

Malemu mayi Faides Mtonga, amene tonse tinkawaitana kuti a NyaMtonga, anabadwa pa 9 Juni 1972 kwa Magodi. Sukulu anayambila komweko, sekondale anaphunzila ku Chipata, ndipo maphunzilo a zomangamanga anakachitila ku Lusaka. Mu 1998 anakwatiwa ndi bambo Amon Zimba, amene anatsogola mu 2015 n'kuwasiyila ana awili m'nyumba yalendi.

Kuyambila mu 2003 ankagwila nchito ku khonsolo, younika mapulani a nyumba anthu asanayambe kumanga. Amisili muli pano musawelame, tikudziwa kuti munkawaopa. Chimbudzi chikayandikila chitsime, pulani inkabwelela. Chipinda chogona ana chikasowa windo, inkabwelelanso, kaya ndi ya m'bale, kaya ya mkulu wa mpingo. Ankakana akumwetulila, moti munthu unkatuluka ukuthokoza, kukwiya unkakumbukila uli kale panjila.

Nkhawa yawo inali imodzi, yoti anawo akhale ndi pawopawo. Mu 2019 anajambulitsa pulani ya nyumba yawo. Poti munthu sadziweluza yekha, anaipeleka kwa mnzawo wa muofesi, ndipo mnzawoyo anaibweza kawili chifukwa khichini inalibe potulukila utsi. A NyaMtonga anaseka mpaka misozi, n'kukaikonza.

Anamanga pang'onopang'ono mpaka makoma anatha, kutsala denga. Mu Malichi chaka chino matenda a impso anawagwetsa. Ali m'chipatala sankadandaula za ululu, ankangofunsa ngati denga lidzakhalapo mvula isanagwe. Zinkatipweteka. Anatisiya Lachiwili, pa 14 Okutobala.

Asiya ana awili, Darius ndi Miriam, mdzukulu mmodzi, komanso mayi awo owabeleka, amene akhala apo pamphasa.

Tithokoza a mpingo, anzawo a kunchito, adzukulu a kumanda ndi amayi amene akhala pamoto kuyambila tsiku loyamba, yewo chomene. Koma tithokoze mwapadela bambo Eston Nyirenda, mmisili amene anabwezeledwa mapulani kuposa wina aliyense muno mu Lundazi. Dzulo iwo ndi amisili anzawo anadza kubanja kudzanena kuti mutu umodzi susenza denga. Matabwa ndi malata asonkha kale, ndipo Lolemba akwela pamwamba. Alonjeza kutsata pulani osasintha kanthu, ati mantha ndi mayiwa sanawathe.

Darius ndi Miriam, pukutani misozi, mvula ya chaka chino ikupezani kwanu.

A NyaMtonga, nkhawa ija itsitseni. Mzimu wanu uuse mumtendele.