Pilo Pafupi ndi Sipika

Loweruka masana, bandi ya roko ili mkati mogwedeza kabala kopanikiza mpaka matambula kumavina okha pashelefu, munalowa bambo wina wa jekete atakhwapatira pilo. Sanapereke moni, sanaitanitse kanthu. Anangokokera mpando pafupi ndi chisipika chachikulu n'kutsamira.

Weta woperekera zakumwa anathamangirako mtima uli m'mwamba. Abwana anali atamuchenjeza kuti munthu akadzangogonanso m'balamo, ntchito yatha. Ndipo ntchito ikanatha, akanamuonera kuti mtsikana woimba ng'oma m'bandiyo, amene ankamukonda chamumtima?

"Bambo!" anakuwa. "Pano mugontha! Nali thonje, tsekani m'makutu."

"Thonje la chiyani? Kawauze akweze."

"Akweze? Denga likuthothola kale fumbi m'zakumwa!"

"Akumveka ndi magitala okha. Ng'oma zili kuti?" anatero bamboyo akusalaza pilo.

"Nanga piloyo ndi wa chiyani?"

"Kwanu pilo mumatani naye?"

"Timagonera."

"Basitu."

"Muno sagona, bambo. Ndi lamulo."

"Ndani wagona? Ndikungotseka maso."

Weta anakanda m'mutu. Zoonadi, za maso abwana sananenepo.

"Chabwino. Koma mukangoliza mkonono..."

"Uumva bwanji?"

Pomwepo ng'oma zinachita kuphulika. Mutu wa bamboyo unagwera pa pilo, kukamwa yasa. Weta anamugwedeza paphewa.

"Bambo! Kumeneko ndiye kugona!"

"Aaa, iwe! Tulo tinali titafika pakhomo!"

"Kagoneni kwanu!"

"Kwathu kuli zii. Chisamukireni mwana wanga, nyumba ili ngati manda. Ndimamva ndi wotchi ya aneba yomwe. Munthu angagone pamenepo?"

"Ndikubweretsereni khofi."

"Mutu wako ukuyenda bwino?"

Weta anasuzumira kuchitseko cha abwana, n'kugwada pambali pa mpando.

"Ndiye mverani chinsinsi, mwina tulo tithawa. Mukumuona wa ng'omayo? Akamenya, mtima wangawu umatsatira pambuyo. Mukagona, andichotsa ntchito, ndipo sindidzamuonanso."

Bamboyo anatsegula diso limodzi.

"Wamuuza?"

"Ndimayesa, koma muno mawu satuluka."

"Ukufuna kungomuseweretsa, eti?"

"Ukwati, bambo! Wa mphete! Kungoti akuti bambo ake ndi chinkhalamba chovuta, chamakani ngati bulu."

Diso lachiwiri linatseguka.

"Akutero ndani?"

"Aliyense. Akuti amangokhalira kudandaula."

"Ooo. Pitiriza."

"Mwaonatu! Tulo tathawa!" Weta anawomba m'manja.

Nyimbo inatha mwadzidzidzi, m'makutu mwa anthu n'kutsala kulira. Mtsikana uja anapukuta thukuta, anasuzumira kuseri kwa sipika, n'kukweza kamtengo koimbira.

"Ababa! Mwabweranso ndi pilo kuno?"

Weta anadzambatuka pomwe anagwada paja. Anayang'ana mtsikana, anayang'ana jekete.

"Bambo... kodi inu ndinu ndani?"

"Chinkhalamba chamakani chija. Dzina linalo ukalifuna, zitengera mmene ndigonere lero."

Weta anayang'ananso chitseko cha abwana. Anavula epuloni, anamufunditsa bamboyo m'miyendo mosamala, kenako anatembenukira ku bandi.

"Mwaimiranji? Kwezani! Apongozi akufuna kugona!"