Galimoto Yokhota Yokha

Pa siteji ya minibasi ku Area 1, a Japhet ankathamangitsa galimoto pa gemu ya mu foni, dzanja lawo lamanja likunjenjemera. Mayi wina amene anaima pambali pawo anasuzumira.

"Mukuithatu, bambo."

"Ndinali dalaivala wa abwana ena ku City Centre, mayi, mpaka pomwe sitiroko inandigwira. Koma taonani, makona onsewa ndikukhota osagunda. Dzanjali lachira ndithu. Lero ndikukapempha ntchito yanga."

"Gemu imeneyi mlongo wanga alinso nayo. Tachotsani chala pang'ono."

"Igundatu!"

"Tachotsani kaye."

"Mayo ine! Yakhota yokha! Taonani, ikupitabe!"

"Anaipanga choncho. Mukalakwitsa imakuwongolerani mwakachetechete, kuti muzidziona ngati katswiri, musaisiye."

"Ambuye wanga! Ndiye ine ndikanayamba kunyamula ana a abwana kupita nawo kusukulu ndi dzanja limeneli?"

"Pepani, bambo. Mwina ndikanangokhala chete."

"Ayi, mayi, ndi Mulungu wakutumani. Minibasi ya ku City Centre ipite. Nanga yodutsa kuchipatala ikukwezera pati?"

"Kutsidya uko. Bweretsani chikwama chanucho, tiwolokere limodzi msewu."