Tsiku limene ndinalephera kunenerera

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni wochokera kuno ku Mwanza. Amene mumadutsa pa Boma mumandidziwa, ndine wa manachesi uja amene amalumbira tsiku lililonse kuti akugulitsa moluza. Lero ndikufuna ndichitire umboni za mwana wanga Limbani, amene anatsala pang'ono kundipulumuka m'manja.

Ali Fomu 2, Limbani akaweruka kusukulu sankafika kunyumba. Ankakhotera poima mathiraki opita ku Mozambiki, kumatsuka matayala ndi kutumidwa ndudu. Kenaka anayamba kundiyankha m'Chipwitikizi, ndipo tsiku lina anandiuza m'maso muli gwa kuti dalaivala wina amutenga kupita ku Tete, za sukulu zatha. Ndinakalipa, ndinanyengerera, osaphula kanthu. Ine amene ndimagulitsa manachesi kwa munthu woti ali ndi mtengo wake pakhomo, mwana wobala ndekha anandikanika.

Ndinagwada. Koma kunena zoona, pemphero langa linali lapamsika: "Ambuye, sindikupempha kuti adzakhale dokotala. Mungondisungira mwanayu pasukulu mpaka Fomu 4, tigwirizane pamenepo."

Mkazi wanga ndiye anamva za a Rozina, mayi amene anabwera kuno ali mwana pothawa nkhondo ya kwawo ku Mozambiki. Masana amasonkhanitsa ana muholo ya tchalitchi kuti alembe homuweki, kenaka mpira ndi kwaya. Ndinapita nditakonzeka kunenerera.

"Mayi, zingati pamwezi?"

"Palibe cholipira, bambo. Koma kholo lizibwera Lachitatu lililonse kudzakhala ndi ana."

"Aaa, mayi, tsitsaniko. Kamodzi pamwezi?"

"Lachitatu lililonse."

Ndinachita zimene wamsika aliyense amachita. Ndinatembenuka n'kumapita pang'onopang'ono, khutu lili kumbuyo, kudikira kuti andiitane tikambirane. Ndinafika pageti, zii. Pamsewu, zii. Ndinangopezeka ndafika pabenchi langa, mutu utaima. Malonda amtundu wanji osaitana kasitomala?

Lachitatu ndinabwerera popanda wondiitana, ndikumukoka Limbani padzanja. A Rozina anamulonjera m'Chipwitikizi chenicheni, mnyamata uja kukamwa yasa, poti chake chija chinali cha matukwana okhaokha. Anamuuza kuti akamamaliza homuweki azimuphunzitsa cholongosoka. Ineyo anandikhazika pakati pa ana a Sitandade 5, akuti ndiwathandize masamu.

Mpaka lero sindimvetsa kuti anagula ndani, anagulitsa ndani. Ndinapita kukasiya mwana, koma pano ndine amene ndimasiyira mkazi wanga benchi n'kuthamangira kuholo, ana akukuwa kuti "Amanachesi afika!" Dalaivala uja anapita ku Tete yekha. Limbani ali Fomu 3, ndipo mathiraki aja amangowadutsa, kuopa kuchedwa kuholo.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero lokhota ngati langa lija. Inu amene mwana wanu amasowa masana, musafooke, pempheranibe. Ndipo yankho likadzabwera, musadzatembenuke ngati ine kudikira kuti akuitaneni. A Rozina saitana.